Mbuzi Ikakondwa Amalonda Ali Pafupi

Pali funso limene lakhala likundisautsa chitulireni choko pansi, ndipo funsolo ndi ili: bwana akamamwetulira wantchito wake, akamamufunsa za ana kunyumba ndi kumupatsa nthawi yopuma, koma zonsezo akuchita chifukwa adawerengetsa n'kupeza kuti wantchito wokondwa amabweretsa phindu lochuluka, kodi bwana woteroyo tingamutche munthu wabwino? Ena adzayankha msanga kuti za mumtima mwa bwana zilibe ntchito, bola wantchito wapuma ndipo wadya. Ena adzati ulemu wotere ndi nyambo ya pambedza. Ine sindifuna kuthamangira yankho, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tiyambe tapita ku America, kufakitale ina kumene funsoli lidaonekera poyera, ngakhale kuti eni ake ankafufuza zina.

M'tauni ya Cicero, m'mphepete mwa mzinda wa Chicago, mudali fakitale yaikulu yotchedwa Hawthorne Works. Mwini wake idali kampani ya Western Electric, imene inkapanga zipangizo za lamya. Cha m'ma 1927 pafakitalepo pankagwira ntchito anthu pafupifupi 29,000, ndipo ambiri mwa iwo adali obwera kuchokera ku Ulaya kapena ana a obwerawo. Masiku amenewo mabwana a m'mafakitale ankatsata maganizo a Frederick Winslow Taylor, amene adalemba buku lake lotchuka mu 1911. Taylor ankaimirira pambali pa wantchito ali ndi wotchi m'manja, n'kumawerenga timphindi timene dzanja limatenga kuti linyamule chitsulo ndi kuchitula. Kwa iye kuganiza idali ntchito ya bwana. Wantchito adayenera kungosuntha manja monga adauzidwira, ndipo chomukoka kuti alimbikire idali ndalama.

Mu 1924 akatswiri adayamba kuyesa kanthu kooneka kapafupi pa Hawthorne. Ankafuna kudziwa ngati kuwonjezera kuwala kwa nyale zamagetsi kungachulukitse ntchito. Adagawa antchito m'magulu, ena n'kuwawonjezera kuwala, ena n'kuwasiya monga kale. Malinga ndi mmene nkhaniyi idasimbidwira pambuyo pake, ntchito idakwera m'magulu onse awiri. Atachepetsa kuwala, ntchito siidatsike monga ankayembekezera, kufikira mpaka antchito adayamba kulephera kuona chimene adagwira m'manja. Pofika 1927 akatswiriwo adali ataona kuti kuwala pakokha sikukulongosola zimene zinkachitikazo.

M'mwezi wa April chaka chomwecho cha 1927, kampani idapatula akazi asanu ndi mmodzi n'kuwaika m'chipinda chaokha. Asanu ankalumikiza kachipangizo ka lamya kotchedwa relay, kamene kadali ndi tizidutswa toposa 30 ndipo kankatenga pafupifupi mphindi imodzi kuti kathe. Wachisanu ndi chimodziyo ankawakonzera tizidutswato. Kachipangizo kalikonse kakatha ankakaponya pabowo, ndipo makina ankaboola chizindikiro papepala, kotero kuti palibe mphindi imene inkapita osalembedwa. M'chipindamo munkakhala mwamuna wolemba zonse zochitika, ngakhalenso zimene akaziwo ankakambirana. Pakapita milungu isanu ndi umodzi ankapita nawo kwa dokotala kukapimidwa.

Kenaka kusintha kudayamba. Adawapatsa nthawi yopuma ya mphindi 5, kenaka ya mphindi 10. Adayamba kuwapatsa kachakudya ka m'mawa kolipiridwa ndi kampani. Nthawi ina adawaweruka msanga, nthawi ina adawachotsera ntchito ya Loweruka m'mawa. Pafupifupi kusintha kulikonse kunkatsatidwa ndi kukwera kwa ntchito. Chodabwitsa chidachitika chakumapeto kwa 1928, pamene adachotsa zonsezo kwa milungu 12: kupuma kudatha, chakudya chidatha, ndipo akaziwo adabwerera ku maola 48 pamlungu. Ntchito ya pa ola limodzi idatsikako pang'ono, koma ya mlungu wathunthu idaposa ya milungu yonse yam'mbuyo. Mkazi amene poyamba ankapanga tizipangizo pafupifupi 2,400 pamlungu adadzafika cha pa 3,000.

Apa m'pamene akulowera anthu a sukulu ya zamalonda. Elton Mayo, mbadwa ya ku Adelaide m'dziko la Australia, adayamba kuphunzitsa ku Harvard Business School mu 1926, ndipo adafika pa Hawthorne koyamba mu 1928. Iye ndi anzake adati chinsinsi chidali m'mitima ya akaziwo. Kunja kwa chipindacho adali manambala chabe pakati pa khamu, pansi pa kapitawo wokalipa. M'chipindamo ankafunsidwa maganizo asanasinthe kanthu, ankaloledwa kucheza, ndipo adasanduka kagulu kodziwana, kothandizana wina akatopa, kochezerana ndi kunyumba komwe. Mayo adalemba za izi mu 1933, ndipo mu 1939 Fritz Roethlisberger wa ku Harvard ndi William Dickson wa ku Western Electric adatulutsa buku lalikulu lotchedwa Management and the Worker. Kuchokera pamenepo kudakula phunziro lonse lofufuza khalidwe la anthu pamalo a ntchito, limene lero limaphunzitsidwa m'sukulu za zamalonda padziko lonse. Kudabadwanso mawu oti Hawthorne effect, amene adayamba kumveka m'zaka za m'ma 1950, otanthauza kuti munthu amasintha machitidwe ake akadziwa kuti akuonedwa.

Ife aphunzitsi sitidasowe Harvard kuti tidziwe zimenezo. Tsiku lobwera woyendera sukulu, bwalo linkaseseredwa mpaka kuseri kwa zimbudzi, ana ankakweza manja ngakhale osadziwa yankho, ndipo ine amene ndinkapeza mawu aulemu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo. Galimoto ya woyenderayo ikangokhota pamsewu, fumbi lake lisanathe, tonse tinkabwerera mwakale. Koma tisataye nthawi pamenepo.

Nkhani ya akazi aja ili ndi mbali imene siinkatchulidwa mokweza. Mu January 1928 awiri mwa asanu aja adachotsedwa m'chipindamo chifukwa ankati ngolongolola ndiponso osamvera. Taonani: m'chipinda chimene chidatchuka chifukwa cha ufulu wocheza, awiri adatulutsidwa chifukwa cha kucheza. M'malo mwawo mudalowa ena awiri achangu kwambiri. Mmodzi mwa iwo adali mtsikana wa makolo ochokera ku Italy amene mayi wake adamwalira iye atangolowa m'chipindamo, ndipo banja lidayamba kudalira malipiro ake. Ameneyu ndiye adakhala wothamanga kuposa onse, n'kumafulumizitsa anzake. Kuwonjezera apo, kalipiridwe kadali katasinthidwa kuyambira pachiyambi. Kale malipiro a mkazi aliyense ankachokera pa ntchito ya gulu la anthu pafupifupi 100, mmene khama la munthu mmodzi linkamira ngati mchere m'nyanja. Tsopano ankachokera pa ntchito ya anthu asanu okha. Mu 1967 Alex Carey adalemba motsutsa kuti zinthu zimenezi, ndalama ndi kuchotsa osamvera, zikadatha kulongosola kukwera kwa ntchitoko popanda kutchula za kukondwa kwa mtima.

Ngakhale nkhani ya nyale ija idadzapezeka ndi chilema. Steven Levitt ndi John List a ku yunivesite ya Chicago adapeza mapepala akale a kafukufukuyo, amene anthu ankayesa kuti adasowa, ndipo mu 2011 adasindikiza zimene adaonamo. Nyale zinkasinthidwa Lamulungu, tsiku limene fakitale siinkagwira ntchito, kotero kukwera kwa ntchito kunkaoneka Lolemba. Koma ntchito inkakweranso Lolemba m'milungu imene nyale sizidakhudzidwe n'komwe. Nkhani imene idaphunzitsidwa kwa zaka zambirimbiri idali yokoma kuposa manambala ake. Kandimverere adakanena za m'maluwa.

Padalinso chipinda china chimene ine ndimachiona chophunzitsa kwambiri. Kuyambira mu November 1931 mpaka May 1932 ofufuza adaonerera amuna 14 olumikiza mawaya. Amenewa sadasinthiridwe kanthu, adangoikiridwa munthu wowapenya. Ntchito yawo siidakwere. Amunawo adali ndi muyeso wawowawo wa ntchito ya tsiku, cha pakati pa malumikizo 6,000 ndi 6,600, wochepera pa umene kampani inkafuna. Wopitirira muyesowo ankamunyoza ndi maina, nthawi zina n'kumumenya kachibakera pamkono. Wochepetsa kwambiri nayenso ankamudzudzula kuti akudyera anzake masuku pamutu. Woipitsitsa pa onse adali wokaneneza mnzake kwa kapitawo. Ankaopa kuti akathamanga, kampani idzakweza muyeso kapena idzachotsa ena ntchito. Ofufuza a ku Harvard adaona khalidwe limeneli ngati lotsogozedwa ndi zomva za mumtima kuposa nzeru, popeza munthu aliyense akadalandira zambiri akadathamanga. Ine ndikuona nzeru zenizeni pamenepo. Zaka zimenezo chuma cha America chidali chitagwa kuyambira mu 1929, anthu ankachotsedwa ntchito mlungu ndi mlungu, ndipo kafukufuku yemweyo adatha chifukwa ntchito idasowa. Nkhanga zidapangana kusanapse.

Tsopano tifike pamtima pa funso lathu. Pakati pa 1928 ndi 1930 kampani idacheza ndi antchito oposa 21,000, mmodzimmodzi, kuwafunsa zimene zinkawakondweretsa ndi zimene zinkawawawa. Ofufuza adazindikira kuti munthu akapeza womumvetsera modekha, mtima wake umatsika. Ena atangokhuthula madandaulo awo adayamba kuona ngati zinthu zasintha, chikhalirecho palibe chidasinthidwa. Mu 1936 kampani idakhazikitsa alangizi oyendayenda m'fakitale, amene ntchito yawo idali kumvetsera wantchito aliyense wofuna kulankhula. Alangiziwo sadapatsidwe mphamvu yokweza malipiro, yodzudzula kapitawo, kapena yokonza chimene wantchito wadandaula. Ankangomvetsera. Ndipo tisaiwale kuti Western Electric, monga makampani ambiri a nthawi imeneyo, siinkafuna kuti antchito ake akhale ndi bungwe loima palokha lowalankhulira.

Izi ndizo zidachititsa Daniel Bell, mu 1947, kuwatcha maphunziro amenewa kuti ndi maphunziro a ng'ombe, poganizira za mlimi amene amasisita ng'ombe yake kuti itulutse mkaka wambiri. Makolo athu adanena chimodzimodzi m'njira yawo: mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mwini mbuzi akayamba kuithirira madeya ndi kuichotsa nkhupakupa, mbuzi imayesa chikondi, pomwe mwiniyo akuwerenga ndalama za pamsika.

Komabe ndisanaweruze, ndiyenera kuchitira chilungamo mbali inayo, pakuti ili ndi mfundo zolemera. Akazi aja adapumadi. Chakudya adadyadi, ndipo chidalowa m'mimba mwawo, osati mwa bwana. Nthawi yopuma itaoneka kuti siichepetsa ntchito, kampani idaifalitsa kwa antchito ena ambiri m'fakitalemo. Ngati mabwana a dziko lonse adaleka kukalipa chifukwa adauzidwa kuti kukalipa kumadya phindu, msana wa wantchito udapepukidwabe. Munthu womira m'madzi safunsa ngati womuvuulayo akufuna kutamandidwa. Ndiponso ndani mwa ife amene zolinga zake n'zoyera ngati ufa wa mphale? Ine ndidaphunzitsa ana a eni kwa zaka zoposa 30, ndipo ndinkawakonda, koma mwezi ukatha ndinkayembekeza malipiro, ndipo akachedwa chikondi chija chinkayamba kutsimphina. Wosula makasu amafuna kuti khasu likhale lolimba kuti wogula adzabwerenso. Tikati ubwino uliwonse wosakanikirana ndi phindu ngwachinyengo, ndiye kuti tatsutsa pafupifupi ntchito zonse zimene anthu amachitirana.

Choncho cholakwa sichingakhale chakuti bwana amapindula. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku Germany, Immanuel Kant, adalongosola mu 1785 mfundo imene ikutithandiza pano. Sadaletse kuti munthu athandizidwe ndi mnzake pokwaniritsa zofuna zake, poti tonse timatero tikakwera basi kapena tikapita kuchigayo. Chimene adakana n'chakuti munthu asandutsidwe chipangizo basi, ngati kuti alibe zolinga zakezake ndi nzeru zoti n'kuvomera kapena kukana. Kusiyana kwa mbuzi ndi munthu kuli pomwepo. Mbuzi siingauzidwe kuti, "Ndikukudyetsa kuti ndikakugulitse, kodi ukuvomera?" Munthu angathe kuuzidwa, ndipo angathe kuyankha.

Tikayesa nkhani ya Hawthorne ndi muyeso umenewu, tikupeza kuti siili mbali imodzi. Pamene akazi aja ankafunsidwa za nthawi yopuma, ndipo maganizo awo ena n'kutsatidwa, pamenepo ankatengedwa ngati anthu. Mawu awo ankasuntha kanthu. Sizikundivuta kuti kampani idapindulapo. Koma pamene awiri aja adachotsedwa chifukwa mawu awo sadali okoma m'makutu a ofufuza, zidaoneka kuti ufulu wolankhulawo udali ndi chingwe, ndipo chingwecho chidali m'manja mwa wina. Za alangizi aja ndiye ndilibe nazo mawu ofewa. Munthu akabwera kudzanena kuti kapitawo akumubera maola, iwe n'kumumvetsera mwachifundo mpaka mtima wake utsike, kenaka n'kumubweza kwa kapitawo yemweyo osachitapo kanthu, ndiye kuti wamulanda mkwiyo umene ukadamuthandiza kudziteteza. Dandaulo lake walitenga ngati matenda a iye mwini ofunika mankhwala, osafunsa n'komwe ngati likunena zoona.

Ndidagwirapo ntchito pansi pa mphunzitsi wamkulu wina amene adali katswiri pa luso limeneli, ngakhale ndikukhulupirira kuti dzina la Mayo sadalimvepo. Pamsonkhano wa aphunzitsi ankatipatsa mpata wolankhula mpaka malovu kuuma. Ankagwedeza mutu, ankalemba zonse m'kabuku kofiira, ankatithokoza mmodzimmodzi potchula mfunda wathu. Tinkatuluka titapepukidwa. Patapita zaka ziwiri denga la nyumba yanga linkadonthabe pamalo omwewo, ndipo kabuku kofiira kadali katadzaza n'kugulidwa kena. Padalinso wina, wouma pakamwa, wosadziwa kufunsa za ana, amene ukamuuza vuto ankayankha kuti, "Izi ndingathe, izi sindingathe," ndipo zimene wati angathe ankachitadi. Pa nthawiyo ndinkakonda woyambayo. Lero ndikakhala pakhonde n'kumakumbukira, ndimapeza kuti amene ankandiyesa munthu wamkulu mnzake adali wachiwiriyo.

Wina angandifunse kuti, nanga wantchito angadziwe bwanji za mumtima mwa bwana, poti mtima wa mnzako ndi tsidya lina? N'zoona, sangalowemo. Koma pali zinthu zooneka ndi maso. Angathe kuona ngati chimene wanena chimasintha kanthu, makamaka chikakhala chosakomera bwanayo. Angathe kuona ngati amauzidwa zoona za chifukwa chimene akuchitiridwa zabwinozo. Ndipo angathe kudikira tsiku limene ulemu udzayambe kudya m'thumba mwa bwana, n'kuona ngati udzatsale. Tsiku lotero silichedwa kufika pantchito iliyonse.

Mlandu wina ukugwera sukulu zimene zimachita kafukufuku wotere. Wofufuza salowa m'fakitale popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo amene amalipira maphunziro ku sukulu ya zamalonda kawirikawiri ndi amene adzakhale mabwana. Ntchito ya Mayo ku Harvard inkathandizidwa ndi ndalama za mabungwe a banja la Rockefeller, banja la eni makampani aakulu. Sindikunena kuti adagulidwa, ayi. Ndikunena kuti funso limene munthu amayamba nalo limasankhiratu zimene adzaone. Pa Hawthorne funso lidali lakuti, n'chiyani chingachititse antchitowa kupanga zambiri? Funso lakuti phindu la tizipangizo 600 towonjezera tija ligawidwe motani, kapena lakuti muyeso wa ntchito ya tsiku aziika ndani, silidali pa ndandanda. N'chifukwa chake amuna 14 aja adaoneka ngati vuto lofunika kulimasulira, pomwe iwo ankayankha funso limene ofufuzawo sadafunse. Ofufuza a masiku ano adapita patsogolo ndithu. Amy Edmondson wa ku Harvard komweko adalemba mu 1999 za kufunika koti wantchito athe kunena cholakwa popanda kuopa kuchititsidwa manyazi kapena kulangidwa, ndipo mfundo imeneyi ndiyabwino. Koma nayonso mabwana ambiri amailandira chifukwa amauzidwa kuti gulu lotero limagwira bwino ntchito. Ndimadzifunsa kuti, kafukufuku wina atadzaonetsa kuti mantha ndiwo amabweretsa phindu lochuluka, ndi angati mwa iwo amene angapitirize kulola antchito kulankhula?

Kwa inu amene mukuwerenga muli pasukulu, nkhaniyi siili kutali monga ikuonekera. Ena mwa inu mudzakhala kuseri kwa desiki, muli ndi anthu pansi panu, ndipo mudzatumizidwa ku maphunziro kumene mudzauzidwa kuti muzidziwa maina a antchito anu, muziwayamikira ndi kuwamvetsera. Zonsezo muzidzachita, n'zabwino. Koma mudzauzidwanso chifukwa chake, ndipo chifukwacho chidzakhala cholembedwa m'manambala. Ine ndikadakonda kuti mudzakhale ndi chifukwa china chimene mudabwera nacho kuchokera kwanu, chakuti wosesa muofesimo ndi mwana wa munthu monga inu, kuti tsiku limene manambala adzatembenuke musadzatembenuke nawo.

Pa Hawthorne manambala adatembenuka mu 1932. Anthu adaleka kugula lamya, ntchito idachepa, ndipo akazi a m'chipinda chija, amene kwa zaka zisanu adapimidwa, kufunsidwa ndi kuyamikiridwa, adachotsedwa ntchito monga anzawo zikwizikwi a m'fakitalemo. Mabuku onena za iwo adatuluka iwo atachoka kale. Fakitaleyo idatsekedwa mu 1983, ndipo pamalo pake padamangidwa masitolo. Mapepala a kafukufukuyo akusungidwa ku Baker Library ya ku Harvard Business School, ndipo mmenemo mudalembedwa tizipangizo timene mkazi aliyense adapanga tsiku ndi tsiku, zimene adadya, maola amene adagona usiku, ndi mawu amene adalankhula kwa mnzake wa pambali pake manja ali pantchito.